Magemu a Pakompyuta: Kodi Olakwa ndi Osewera Wamba?

Chiyambi

Pakati pa anthu okonda masewera a pakompyuta, omwe ambirife timangowatchula kuti magemu, pali dandaulo limene lakhala likumveka kwa zaka zambiri, makamaka chitulukireni makina a Wii mu 2006. Dandaulolo ndi lakuti magemu asukuluka. Odandaulawo amati kale gemu inkafuna luso, kupirira ndi nthawi, pamene lero makampani akupanga magemu ofewa, odzaza ndi malonda, pofuna kukopa anthu ongosewera mwa apo ndi apo. Amene amalozedwa chala ndi anthu monga mayi amene amatsegula Candy Crush Saga pafoni podikira basi, kapena bambo wachikulire amene sanagwirepo gemu kufikira pamene ana ake anabweretsa Wii pakhomo. M'Chingerezi anthu oterewa amatchedwa "casual", ndipo m'chimangirizo chino ndiziwatchula kuti osewera wamba.

Cholinga changa ndi kuunika dandauloli. Ndikuvomereza kuti magemu asintha, ndiponso kuti kusintha kwina kwapweteka osewera ndi antchito omwe. Komabe mfundo yanga ndi yakuti mapangidwe a gemu amatsatira njira imene kampani imatolerera ndalama kwa wosewera. Osewera wamba anakulitsa msika, koma amene anasankha kadyeredwe ka msikawo ndi makampani. Kuti mfundoyi imveke, ndiyamba ndi mbiri ya kalipiridwe, kenako ndiona magemu a pafoni, mawu amene amalondawa amagwiritsa ntchito, ndi zimene zachitikira magemu akuluakulu.

Gemu imatengera kalipiridwe kake

Magemu oyamba kubweretsa ndalama zambiri sankaseweredwa kunyumba. Pong, yomwe kampani ya Atari inatulutsa mu 1972, Space Invaders ya mu 1978 ndi Pac-Man ya mu 1980 zinali m'makina aatali oimikidwa m'mabala ndi m'nyumba zosewereramo ku America ndi ku Japan. Aliyense wodutsa ankaponya khobidi m'makinamo kuti asewere, ndipo akagonja ankaponyanso lina. Mwini makina sakanapindula munthu mmodzi akanati azikhalapo ola lathunthu ndi khobidi limodzi. N'chifukwa chake magemuwa ankalimba mofulumira, kuti wosewera agonje pakangotha mphindi zochepa koma atsale ndi chikhulupiriro chakuti ulendo wotsatira achita bwino. Apa tikuona kuti kuvuta kwa magemu akale, komwe ena amakutamanda ngati chizindikiro cha luso lenileni, nakonso kunabadwira m'malonda. Zofanana ndi zimenezi timaziona m'matauni mwathu, m'timashopu momwe achinyamata amalipira kuti asewere PlayStation. Gemu ya mpira imawayanja eni timashoputo chifukwa imatha msanga, ndipo amene ali pamzere amakhala pansi n'kulipira nawonso.

Magemu atalowa m'nyumba, kalipiridwe kanasintha. Munthu ankagula gemu kamodzi n'kukhala yake. Poyamba makampani ankaganiza kuti chilichonse choikidwa m'bokosi lokongola chigulidwa, ndipo msika wa ku America unadzaza ndi magemu opangidwa mothamanga. Mu 1983 msikawo unagwa. Atari inakakwirira katundu wosagulidwa, kuphatikizapo gemu ya E.T., kudzala la ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico, komwe anakafukulidwa mu 2014. Pamene Nintendo inabweretsa makina ake a NES ku America mu 1985, inaika malamulo okhwima kwa makampani ofuna kupanga magemu a makinawo, kuphatikizapo malire a chiwerengero cha magemu amene kampani ingatulutse pachaka. Phunziro linali lakuti wogula akakhumudwa sabweranso. Kalipiridwe ka kamodzika ndi kamene kanabala magemu aatali, okhala ndi nkhani, ampangankhani ndi mathero, monga Final Fantasy VII ya mu 1997. Wogula ankafuna kuona kuti ndalama yake yagwira ntchito, ndipo wopanga ankafuna kuti wogulayo adzagulenso gemu yotsatira.

Osewera wamba sanabwere dzulo

Amene amaimba mlandu osewera wamba amayankhula ngati anthuwa anatulukira pamodzi ndi mafoni amakono. Mbiri ikuonetsa zina. Tetris, gemu yosanja timiyala togwa kuchokera pamwamba, inapangidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo itaikidwa pa Game Boy mu 1989 inakondedwa ndi ana ndi akulu omwe. Mu 1990 Microsoft inaika gemu ya makhadi ya Solitaire mu Windows 3.0, ndipo antchito ambiri a m'maofesi anaphunzirirapo kagwiridwe ka mausi. Mu 1997 Nokia inayamba kuika Snake m'mafoni ake. Kwa ambiri a ife, gemu yoyamba kuigwira inali kanjoka kameneka, pafoni yakale ya mkulu wina wa pakhomo.

Kampani imene inawafunafuna anthuwa mwadala ndi Nintendo, motsogozedwa ndi Satoru Iwata, yemwe anaiyendetsa kuyambira 2002 mpaka imfa yake mu 2015. M'malo mopikisana ndi Sony ndi Microsoft pa mphamvu za makina, Nintendo inatulutsa DS mu 2004 ndi Wii mu 2006. Pa DS panali Brain Age, ya masamu ndi kuwerenga, ndi Nintendogs, yoweta tiagalu. Pa Wii munthu ankasewera tenesi pongoyendetsa mkono ngati wagwira chomenyera mpira. Makina a Wii oposa 100 miliyoni anagulidwa padziko lonse. Chofunika kuchiona apa ndi chakuti magemu onsewa ankalipiridwa kamodzi, kapena ankabwera pamodzi ndi makina. Wosewera akatopa ankazima n'kukagona, ndipo gemu sinkamuitana.

Katswiri wa maphunziro a magemu wa ku Denmark, Jesper Juul, m'buku lake lotchedwa A Casual Revolution, anaonetsa kuti ambiri mwa otchedwa osewera wamba amathera maola ochuluka pa magemu awo, ndipo sakonda gemu yofewa mopitirira muyeso. Chimene amafuna ndi gemu yosavuta kuiyamba, yoti angaisiye mwana akalira kapena basi ikafika. Kufuna kotereku sikuchotsa nzeru m'gemu. Masewera a bawo amaseweredwa ndi aliyense pansi pa mtengo kumsika, koma palibe anganene kuti kuchuluka kwa owasewera kwawapeputsa.

Gemu yaulere ndi mtengo wake

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene gemu inayamba kuperekedwa ulere. Apple inatulutsa iPhone mu 2007 n'kutsegula App Store mu 2008. Poyamba magemu a pafoni ankagulitsidwa motchipa. Mwachitsanzo Angry Birds, ya kampani ya Rovio ya ku Finland, inkagulidwa pa masenti 99 a ku America itatuluka mu 2009. Chaka chomwecho Apple inalola kuti gemu yaulere izigulitsa zinthu m'kati mwake, ndipo Zynga inatulutsa FarmVille pa Facebook. Iyi inali gemu yolima dimba, yomwe pofika 2010 inkaseweredwa ndi anthu oposa 80 miliyoni pamwezi.

Tiyeni tione mmene magemu awiri otchuka a mtunduwu anapangidwira. Mu FarmVille, mbewu ikacha n'kukhalitsa osakololedwa inkafota. Choncho wosewera ankakakamizika kubwerera panthawi yake, apo ayi alipire kuti mbewu yofotayo itsitsimuke. Mu Candy Crush Saga, yomwe kampani ya King inatulutsa mu 2012, wosewera amapatsidwa miyoyo isanu. Akalephera gawo, moyo umodzi umapita, ndipo umabwerera pakatha mphindi 30. Miyoyo ikatha, amasankha kudikira, kupempha anzake kapena kulipira. Mpata ukamuthera atatsala pang'ono kumaliza gawo lovuta, gemu imamutsatsa mipata yowonjezera pa nthawi imene mtima wake uli m'mwamba.

Apa ntchito ya wopanga gemu yatembenuka. Pa gemu yogulidwa kamodzi, wopanga amachotsa chilichonse chotopetsa kuti wogula akhutire. Pa gemu yaulere chotopetsacho chimaikidwa mwadala, popeza ndicho chimagulitsa mankhwala ake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za malonda amenewa n'zochuluka. Mu 2016 Activision Blizzard inagula King pa madola 5.9 biliyoni, mu 2022 Take-Two inagula Zynga pa madola 12.7 biliyoni, ndipo m'zaka zaposachedwapa pafupifupi theka la ndalama zonse za magemu padziko lapansi lakhala likuchokera pa mafoni.

Zimene mawu a malondawa amaulula

Monga wophunzira za chiyankhulo, ndimaona kuti mawu amene anthu a ntchito imodzi amagwiritsa ntchito pakati pawo amaulula mmene amaonera anthu ena. M'makampani a magemu aulere, munthu wowononga ndalama zambiri amatchedwa "whale", kutanthauza namgumi. Mawuwa anabwerekedwa ku nyumba zotchovera juga, komwe amanena za munthu wobetcha ndalama zochuluka. Fanizoli likuika kampani pamalo a msodzi ndipo wosewera pamalo a nsomba. Osewera ambiri salipira kalikonse, ndipo gawo lalikulu la phindu limachokera kwa anamgumi ochepawo. Tsono tifunse: kodi namgumi ndi wosewera wamba? Munthu amene amalipira madola mazanamazana pa gemu imodzi ndi amene waikapo mtima wake wonse. Ntchito ya osalipirawo ndi kudzaza gemu, kuti olipira apeze anthu opikisana nawo ndi odzionetsera kwa iwo.

Mawu ena ndi "retention", onena za chiwerengero cha anthu amene abwereranso tsiku lotsatira, pakatha sabata kapena pakatha mwezi. Muyeso umenewu sufunsa ngati munthu wasangalala. Umangofunsa ngati wabwerera, chonsecho munthu atha kubwerera chifukwa cha chisangalalo kapena chifukwa choopa kutaya mphoto ya tsiku ndi tsiku. Palinso kusintha dzina la ndalama. M'malo molemba mtengo m'madola, gemu imayamba yagulitsa timiyala ta mtengo wapatali, golide, kapena ma V-Bucks a mu Fortnite, kenako zinthu zimagulidwa ndi ndalama zongopekazi. Munthu akamva kuti chovala ndi ma V-Bucks 1,500, mtima sugunda monga ungagundire atamva mtengo wake m'ndalama imene amagulira ufa. Pomaliza pali mawu akuti "free-to-play". Mawuwa amanena zoona kuti kusewera n'kwaulere, koma amakhala chete pa za kupambana, kufulumira ndi kuoneka bwino.

Magemu akuluakulu nawo atengera

Njira zimenezi sizinathere pafoni. Zilinso m'magemu a makina akuluakulu, omwe amagulidwa pamtengo wathunthu ndi anthu odzitcha osewera enieni. Mu 2006 Bethesda inagulitsa chovala cha hatchi m'gemu ya Oblivion pa madola 2.50, ndipo anthu anaiseka. Mu 2009 Electronic Arts inayambitsa Ultimate Team m'gemu ya mpira ya FIFA. Kumeneko munthu amagula phukusi la makhadi a osewera mpira osadziwa zomwe zili m'kati, ndipo atha kupezamo katswiri wotchuka kapena makhadi osathandiza. M'chaka cha malonda cha 2021, Ultimate Team m'magemu onse a kampaniyi inabweretsa madola 1.62 biliyoni. Munthu wogula maphukusi oterewa ndi amene amachezera mpirawu usiku ndi usiku, wodziwa batani lililonse.

Maboma ena anaona kuti kugula chinthu chobisika ndi chiyembekezo chopeza cha mtengo wapatali kukufanana ndi juga. Mu 2012 Japan inaletsa mtundu wina wa malonda oterewa wotchedwa kompu gacha. Mu 2017 osewera anakwiya ndi mabokosi amwayi a mu Star Wars Battlefront II, mpaka Electronic Arts inaimitsa malondawo patatsala maola ochepa kuti gemu ituluke. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga, ndipo mu 2019 kampaniyi inasiya kugulitsa ndalama za m'gemu ya FIFA m'dzikolo. Mu 2022 Epic Games, eni ake a Fortnite, anavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America pa milandu iwiri: kutolera zambiri zokhudza ana popanda chilolezo cha makolo, ndi kukonza mabatani m'njira yochititsa anthu kugula zinthu mosafuna.

N'chifukwa chiyani makampani olemera kale amachita zimenezi? Chifukwa chimodzi ndi kukwera kwa mtengo wopangira gemu. Zikalata za kukhoti zomwe zinaululika mu 2023 zinaonetsa kuti Sony inawononga madola pafupifupi 220 miliyoni popanga The Last of Us Part II. Kampani imene yaika ndalama zotere pa gemu imodzi imaopa kuyesa zachilendo. Imabwereza zimene zinagulidwa kale, n'chifukwa chake timaona gawo lachiwiri, lachitatu ndi magemu akale okonzedwanso. Imalakalakanso gemu yoti izibweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, monga Fortnite yachitira kuyambira 2017. Vuto ndi lakuti tsiku lili ndi maola 24 okha, ndipo munthu amene wakhazikika kale pa gemu imodzi yotere alibe nthawi ya ina. Mu Ogasiti 2024 Sony inatulutsa Concord, gemu yowomberana ya pa intaneti. Patangotha masabata awiri inaitseka n'kubweza ndalama kwa ogula, ndipo Firewalk Studios, yomwe inapanga gemuyo, inatsekedwa chaka chomwecho. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Amene amasenza zolakwikazi ndi antchito. Mu 2023 anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani a magemu, ndipo mu 2024 chiwerengerocho chinakwera. Microsoft, itangomaliza kugula Activision Blizzard pa madola pafupifupi 69 biliyoni mu Okutobala 2023, inachotsa antchito 1,900 mu Januwale 2024. Mu Meyi inalengeza kutseka Tango Gameworks ya ku Japan, yomwe gemu yake ya Hi-Fi Rush inali italandira mphoto, ndipo amene anadzaipulumutsa ndi kampani ya Krafton ya ku South Korea. Palibe wosewera wamba amene anakhala nawo pa misonkhano yogamula zimenezi.

Nkhani yopanda mathero

Kwa ife ophunzira zolembedwa, pali chinthu chinanso chimene chikutayika. Nthano, buku kapena sewero zimapeza tanthauzo pa mathero ake. Ndi pamathero pomwe timadziwa chimene umbombo wa fisi unamubweretsera. Gemu yogulidwa kamodzi itha kukhala ndi mathero otere, chifukwa wopanga sataya kanthu wosewera akamaliza. Gemu yodalira kubwerera kwa wosewera siloledwa kutha, popeza tsiku limene nkhani yatha ndi lomwe ndalama zasiya kulowa. Choncho nkhani imadulidwa m'nyengo zotsatizana, mdani wina akagonja lero wina n'kudzuka mawa, popanda chimene mpangankhani waphunzira.

Chodabwitsa n'chakuti gemu yosathayi ndi imenenso imatha kuzimiririka kotheratu. Imadalira makompyuta a kampani, ndipo kampaniyo ikawazima, gemu yapita. FarmVille yoyamba inatsekedwa kumapeto kwa 2020. Mu 2024 Ubisoft inazima The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya mu 2014, ndipo ngakhale amene anaigula ndi ndalama zawo sanathenso kuisewera. Zimenezi zinayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yomwe mu 2025 inasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni m'maiko a European Union. Buku la mulaibulale limawerengekabe ngakhale kampani imene inalisindikiza inatsekedwa kalekale.

Mbali ina ya nkhaniyi

Sichingakhale chilungamo kusatchula ubwino wa magemu aulere. Kuyambira 2020 magemu akuluakulu ambiri atsopano akhala akugulitsidwa pa madola 70, ena kuposerapo, ndipo makina ake amadya madola mazana angapo. Kwa wophunzira ngati ine, ndi kwa anthu ambiri a mu Africa, Asia ndi South America, mtengo umenewu ndi chitseko chokhoma. Gemu yaulere ya pafoni ndiyo inatsegula chitsekocho, ngakhale kuti timalipirabe kudzera m'mabandulo a intaneti ndi m'nthawi yoonera otsatsa malonda. Choncho sindikunena kuti gemu yaulere ithetsedwe. Pali kusiyana pakati pa kugulitsa chovala chimene munthu akuchiona pamodzi ndi mtengo wake, ndi kugulitsa bokosi lotseka kwa mwana wa zaka 12.

Palinso umboni wakuti gemu itha kulandira aliyense popanda misampha n'kuyendabe bwino. Wordle ya Josh Wardle, yomwe inatchuka kumapeto kwa 2021, imapereka liwu limodzi patsiku loti munthu alipeze, akatero basi. Baldur's Gate 3, ya kampani ya Larian ya ku Belgium, inatuluka mu 2023 yopanda malonda a m'kati. Wosewera amasankha yekha kavutidwe kake, kotero kuti woyamba kumene ndi katswiri onse amakwanamo, ndipo inasankhidwa kukhala gemu yopambana ya chakacho pa The Game Awards. Chitsanzo chomveka kuposa zonse ndi Stardew Valley ya mu 2016, yomwe inapangidwa ndi munthu mmodzi, Eric Barone. Nayonso ndi gemu yolima dimba ngati FarmVille, koma imagulidwa kamodzi, ndipo nthawi ya m'gemumo imaima wosewera akazima. Palibe mbewu imene imafota iye ali kusukulu kapena kuntchito. Ulimi ndi womwewo, osewera ndi a mtundu womwewo, koma kalipiridwe kosiyana kanabala magemu awiri osiyana kotheratu.

Mathero

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti m'nyengo iliyonse gemu yakhala ikutenga maonekedwe a kalipiridwe kake. Khobidi la m'makina linabala gemu yovuta ndi yaifupi. Kugula kamodzi kunabala gemu yaitali yokhala ndi mathero. Kulipira pang'onopang'ono kwabala gemu yodikiritsa, yobisa mitengo ndi yosatha. Osewera wamba analipo m'nyengo zonse zitatuzi, ndipo pamene ankasewera Tetris kapena tenesi ya pa Wii palibe chimene chinawonongeka. Kuwaimba mlandu kumangothandiza makampani, chifukwa osewera akamakangana okhaokha za amene ali weniweni, palibe amene amafunsa za bokosi lotseka.

Mafunso oyenera kufunsidwa ndi awa. Kodi mtengo walembedwa m'ndalama zenizeni? Kodi mwayi wopeza chinthu m'bokosi waululidwa, monga China inalamulira mu 2017? Kodi ana atetezedwa? Kodi wogula adzatsala ndi chiyani kampani ikadzazima makompyuta ake? Popeza mafoni akuchulukirachulukira m'manja mwa achinyamata kuno kwathu, mafunsowa akutikhudza ifenso, makamaka amene tidzakhale aphunzitsi ndi makolo. Munthu asanatsegule gemu yatsopano, ndi bwino ayambe wafunsa kuti eni ake akupeza bwanji ndalama, popeza yankho lake limaneneratu mmene gemuyo idzamusungire.